Bambo Lawrence Katilungu ndi Cigwirizano ca Anchito a m'Migodi

Caka cikamayamba, anthu ambiri amapangana ndi mtima wao kuti acita zakuti-zakuti, koma pofika nyengo yokolola ambiri amakhala ataiwala. Amene mwatsiriza sukulu ndipo mufuna kudzakhala atsogoleri, mungaphunzire zambiri pa mbiri ya Bambo Lawrence Katilungu, amene anatsogolera anchito a m'migodi ya mkuwa ku Copperbelt, m'dziko la Northern Rhodesia limene tsopano licedwa Zambia. Mbiri yao itionetsa kusiyana kwa colinga coyesedwa bwino ndi colinga congolakalaka.

Migodi ya Nkana ku Kitwe, Roan Antelope ku Luanshya ndi Mufulira itatsegulidwa, amuna a mitundu yambiri anadza kudzafuna nchito: Abemba, Alozi, Angoni, Acewa, Ansenga, ndi ena ocokera ku Nyasaland. Ambiri ankatsikira ku Ndola, kumene kunafika njanji. Eni migodi anaika akulu a mitundu kuti aziyankhulira anthu ao m'makomboni, koma akuluwo analibe mphamvu pa nkhani ya malipiro. Mu 1935 Boma litakweza msonkho, anchito ananyanyala, ndipo anthu 6 anaomberedwa nafa ku Luanshya. Mu 1940 ananyanyalanso, ndipo anthu 17 anafa ku Nkana. Kawiri konseko anthu anali ndi mkwiyo woyenera, koma analibe bungwe lowayankhulira, kotero mkwiyowo unathera m'mwazi.

Bambo Katilungu anabadwa mu 1914 ku dziko la Abemba. Poyamba anali mphunzitsi wa mishoni, ndipo mu 1936 analowa nchito ya pansi pa mgodi ku Nkana. Anaona ndi maso ao zimene zinacitika mu 1940. Pambuyo pace anakhala zaka zingapo ku Congo, nabweranso ku Nkana kumene anakhala womasulira. Motero anadziwa thukuta la munthu wa fosholo, nadziwanso mayankhulidwe a Azungu a m'ofesi.

Mu 1947 Boma la Britain linatumiza Bambo William Comrie, wa ku Scotland, kudzaphunzitsa anthu akuda kayendetsedwe ka mabungwe a anchito. Mu 1948 anchito a ku Nkana anayamba bungwe lao nasankha Bambo Katilungu kukhala mtsogoleri. Mu 1949 mabungwe a migodi inai anaphatikizana kukhala limodzi, African Mineworkers' Union, ndipo iwo anakhala pulezidenti wace woyamba. Nchito yao yaikulu inali kuphunzitsa Mbemba ndi Mngoni kuti pansi pa mgodi ali mtundu umodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kuyesedwa kwa bungweli kunadza mu October 1952. Linapempha kuti malipiro akwere ndi 2s. 8d. pa tsiku, ndipo eni migodi atakana, anchito oposa 30,000 anakhala pansi masabata atatu. Nthawi imeneyi kunalibe kuponya miyala kapena kuomberana. Atsogoleri anayenda m'makomboni kulangiza anthu kuti akhale mwabata, ndipo ambiri anapita kukalima m'madimba mwao. Nkhaniyo inaperekedwa kwa woweruza wapadera, Bambo C. W. Guillebaud, wa ku Cambridge, amene mu January 1953 analamula kuti malipiro akwere ndi 1s. 2d. kufikira 1s. 8d. pa tsiku. Sizinali zonse zimene anapempha, koma kwa anchito a malipiro ocepa kukwerako kunali kwakukuru ndithu. Caka comweco anchito anaponya voti kuti udindo wa akulu a mitundu uthe, popeza tsopano anali ndi pakamwa pao-pao.

Tiyeni tiyerekeze January ameneyo ndi wa 1955. Caka cimeneco citangoyamba, bungwe linaitananso anthu kuti anyanyale, koma tsopano linapempha 10s. 8d. pa tsiku, ndiko kuwirikiza kanai pempho la 1952. Anthu anapirira masiku 58. Eni migodi anacotsa nchito onyanyalawo nayamba kulemba ena atsopano, ndipo njala inalowa m'makomboni. Potsiriza anchito anabwerera osalandira cimene anapempha. Kulimba mtima kunalipo monga kale; cimene cinasowa ndico kuyesa ngati nkhokwe ingafikitse anthu kumene anafuna kupita.

Mkati mwa bungwe munalinso mng'alu. Alembi, akapitao ndi ena a malipiro a pamwezi, amene ambiri a iwo anali ophunzira a ku Nyasaland ndi ku Barotseland, anayamba bungwe lao-lao la Mines African Staff Association, ndipo eni migodi analivomereza. Mkangano umenewu unabala kunyanyala kwa kawiri-kawiri mu 1956, kufikira Boma linalengeza lamulo la nthawi ya cipwirikiti mu September, nimanga atsogoleri ambiri a bungwe. Bambo Katilungu sanali m'gulu la omangidwawo.

Pamene dzina lao linali kukula pamaso pa Boma ndi maiko akunja, cikhulupiriro ca anthu ao cinayamba kucepa. Iwo ankakhulupirira kuti bungwe la anchito lisasanduke cida ca ndale. Mu April 1953, Bambo Harry Nkumbula a African National Congress ataitana anthu kuti asapite ku nchito masiku awiri potsutsa Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, anchito ambiri a m'migodi anapita ku nchito, ndipo andale sanaiwale zimenezo. Mu 1960 Bambo Katilungu analola kukhala m'Komiti ya Monckton yofufuza za Citaganya, imene zipani za anthu akuda zinaikana. Kumapeto kwa caka comweco bungwe limene iwo analimanga linawacotsa pa mpando. Mu 1961 anagwirizira utsogoleri wa Congress pamene Bambo Nkumbula anali m'ndende, ndipo mu November caka comweco anafa pa ngozi ya galimoto, zaka zitatu dziko lisanalandire ufulu. Nyumba ya likulu la bungwe la anchito a m'migodi ku Kitwe inachedwa Katilungu House powakumbukira.

Tiphunzirapo ciani? Coyamba, colinga cabwino cili ndi muyeso: mwini wace adziwa cimene afuna, mtengo wace, ndi masiku amene angapirire. Caciwiri, ulemu wa mtsogoleri ndi wobwereka kwa anthu amene anamkweza. Akaleka kumva mau ao, ngakhale maganizo ace ali oona, iwo amautenganso. Wacinyamata amene atuluka sukulu caka cino ndi setifiketi m'manja, nafuna ukalaliki kapena uphunzitsi, acita bwino kusankha cinthu cimodzi cimene angacikwaniritse pofika December, nadzifunse kuti cidzathandiza yani kuwonjezera pa iye mwini. Anchito a ku Nkana sanasankhe Bambo Katilungu cifukwa ca Cingerezi cao cokha, koma cifukwa anatsika nao pansi pa mgodi.