Nyenyezi Yakhanda Imalavula Madzi

Senderani kuno, adzukulu anga. Kale lomwe, zaka pafupifupi 4.6 biliyoni zapitazo, dzuwa kunalibe. Kunali chimtambo cha mpweya ndi fumbi, chozizira koopsa. M'kuzizirako, haidirojeni ndi okosijeni zinkakumana pa timbewu ta fumbi n'kusanduka madzi oundana. Kenako chimtambocho chinayamba kudzikokera pakati chikuzungulira, pakatipo n'kumatentha. Limenelo ndiye dzuwa lathu lili khanda.

Nyenyezi yakhanda imadya ngati mwana wongophunzira phala, lina m'kamwa, lina pansi. Mpweya wina umene yakoka imaulavula mbali ziwiri, kumutu ndi kumiyendo, paliwiro losaneneka. Mpweyawo ukawomba chimtambo chozungulira pamabuka kutentha. Madzi oundana aja amasosoka pa fumbi n'kukhala nthunzi, ndipo okosijeni wotsala amagwirana ndi haidirojeni, madzi atsopano n'kupangika pomwepo.

Musandifunse kuti anaona ndani. Nyenyezi zikubadwabe, ndipo tikamaziona timaona ubwana wa dzuwa. Usiku wa m'dzinja mitambo ikayera, yang'anani Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija. Chapafupi pake pali kachifunga kowala kamene azungu amati Orion Nebula. M'dera limenelo, gulu la Charles Townes la ku Berkeley linapezamo nthunzi ya madzi mu 1969, pomvetsera mafunde a wailesi ochokera kumwamba.

Vuto linali lakuti mpweya wa dziko lathu nawonso uli ndi nthunzi yambiri, imene imaphimba ya kutaliyo. N'chifukwa chake anthu anakweza makina oonera zakuthambo pamwamba pa mpweyawo. Makina otchedwa ISO ataona Orion, akatswiri ananena mu 1998 kuti madzi opangika kumeneko tsiku limodzi angadzaze nyanja zonse zamchere za padziko maulendo pafupifupi 60. Tsiku limodzi, adzukulu!

Mu 2009 kunakwera makina ena otere otchedwa Herschel, a galasi la mamita 3.5, ndipo mayi Ewine van Dishoeck a ku Leiden anatsogolera kafukufuku wa madzi kumene nyenyezi zikubadwira. Mu 2011 Lars Kristensen ndi anzake anafotokoza za khanda lina, L1448-MM, la m'gulu la nyenyezi la Perseus, limene limaponya madzi paliwiro la makilomita pafupifupi 200,000 pa ola. Herschel inasiya kuona mu 2013, helium yoiziziritsa itatha.

Koma musaganize kuti olavulidwawo ndiwo timamwa. Amenewo amamwazikira kutali. Athu ndi oundana aja amene anatsalira m'fumbi lozungulira dzuwa lathu lili khanda, lomwe pambuyo pake linaumbika n'kukhala mapulaneti ndi miyala ya m'mlengalenga. Mu 2014 Ilsedore Cleeves ndi anzake anawerengera kuti mwa madzi a m'nyanja zamchere za padziko lathu, pakati pa 30 ndi 50 pa 100 alionse angakhale akale kuposa dzuwa lenilenilo.