Funsani Tikuyankheni: Kodi Nyimbo za Ana za Chingerezi Zinachokera Kuti?

FUNSO: Mwana wanga wayamba kumene sukulu ya mkombaphala. Pakhomo timayankhula Chisena, koma iye kukangoda ndi Twinkle Twinkle ndi Baa Baa Black Sheep basi. Anapeka nyimbozi ndani, ndipo zinafika bwanji kuchigwa kuno? (Mayi wa ku Nchalo)

YANKHO: Mayi, zambiri mwa nyimbozi zilibe mwini wodziwika. Zinkayenda pakamwa, kuchoka kwa mlezi kupita kwa mwana, mpaka osindikiza mabuku a ku London ataona kuti muli ndalama. Buku lakale kwambiri la nyimbo zotere limene lilipobe ndi Tommy Thumb's Pretty Song Book, limene Mary Cooper anasindikiza mu 1744. Kanali kabuku kochepa kuposa chikhatho, ndipo Baa Baa Black Sheep ndi London Bridge zili mmenemo. Kenaka kunabwera Mother Goose's Melody, ena amati cha m'ma 1765, ena amati cha m'ma 1780. Mabuku a ana sakhalitsa m'manja mwa eni ake, n'chifukwa chake zaka zake zimavuta kulondola.

Koma Twinkle Twinkle, nyimbo ya nyenyezi, ili ndi mwini. Inali ndakatulo ya Jane Taylor, imene inatuluka mu 1806 m'buku limene analemba ndi mkulu wake Ann. Maimbidwe ake ndi a ku France, ndipo anasindikizidwa mu 1761. Ambiri amati anapeka ndi Mozart, koma iye anawapeza alipo kale n'kungowakometsera pa piyano. Mayiwa ayese kuimba chapansipansi nyimbo ya nyenyeziyo, ya nkhosayo, ndi ya ABC, osatchula mawu. Apeza kuti mwana wawo akuimba nyimbo imodzi katatu.

Chingerezi chinafika m'chigwa cha Shire ndi amishoni. A UMCA anakhala kwa Chibisa ku Chikwawa mu 1862 atasamuka ku Magomero, koma malungo ndi njala sizinawalole kukhazikika. Sukulu zokhalitsa zinadza pambuyo, monga za mishoni za Lulwe ndi Chididi ku Nsanje kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Nyimbozi zinatsatira m'mabuku a aphunzitsi, ndipo lero zikuyenda pa lamya ndi m'sukulu za mkombaphala, kumene makolo amayeza ndalama zawo pomva mwana akutulutsa mawu a Chingerezi.

FUNSO: Pa WhatsApp pakuyenda uthenga woti Ring a Ring o' Roses ndi nyimbo ya mliri umene unapha azungu, ndiye ana akamagwa pansi akuyerekezera maliro. Kodi tiwaletse? (Mlezi wa ku Bangula)

YANKHO: Asiyeni ana azungulire. Nkhani ya mliriyi ndi bodza lokoma, ndipo wolemba tsamba lino amasangalala nthawi zonse akapatsidwa mpata woliphwasula.

Mliri waukulu wa ku London unagwa mu 1665. Nyimboyi inaoneka koyamba m'buku ku England mu 1881, m'buku la zithunzi la Kate Greenaway. Pakati pake pali zaka 216. Samuel Pepys anauona mliriwo ndi maso ake n'kumalemba tsiku ndi tsiku, Daniel Defoe analemba buku lathunthu la chaka chimenecho, koma palibe mwa iwo analemba kuti anamva ana akuimba nyimboyi. Komanso matendawo sagwirizana ndi masewerawo. Mliri uja unkadziwika ndi mwanabere wotupa m'khwapa ndi m'mphechepeche, pamene anawo amayetsemula. Ndipo m'madera ambiri a ku England nyimboyi inalibe n'kuyetsemula komwe. Kwina ana sankagwa, ankangonyonyomala kapena kuwerama mwaulemu. Kumasulira kwa mliriku kunayamba kumveka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Iona ndi Peter Opie, banja limene linatulutsa buku lalikulu lofufuza nyimbozi mu 1951, silinapeze umboni wake.

Anthu a ku Nsanje anaona kolera mu 2022 ndi 2023. Akudziwa kuti nthenda yopha anthu ambiri chotere imatchulidwa dzina, sibisala m'masewero a ana kwa zaka mazana awiri.

Nkhosa yakuda ya mu Baa Baa Black Sheep ija inanamiziridwanso. Mu 1930 Katherine Elwes Thomas analemba buku lopezera nyimbo iliyonse mfumu kapena nduna yake, ndipo anati ya nkhosayi ikudandaula msonkho wa ubweya umene unayamba mu 1275. Umboni sanapereke. Chimene chimamuseketsa wolemba uno n'chakuti ana a ku Ngabu amaimba za matumba a ubweya wa nkhosa pamene makolo awo akulonga thonje m'mabelo, m'chigwa chimene Livingstone anapeza Amang'anja akuluka nsalu zawo mu 1859. Nyimbo ya thonje bwenzi ikuwakhala bwino.

FUNSO: Kodi mlatho wa London unagwadi monga imanenera nyimbo ya London Bridge? (Mnyamata wa ku Makhanga)

YANKHO: Unkagumuka apa ndi apo, n'kumakonzedwa. Mlatho wamiyala umene unamalizidwa mu 1209 unali ndi nyumba ndi masitolo pamwamba pake, unapsapo kangapo, koma unagwira ntchito mpaka 1831. Umene unalowa m'malo mwake unagulitsidwa mu 1968 kwa mpondamatiki wa ku America, Robert McCulloch, amene anasamutsa miyala yake kukaumanganso ku Arizona. Wofunsayu akudziwa bwino kuposa ana a ku London tanthauzo la kuduka kwa njira, popeza madzi anakokolola njanji ya ku Chiromo mu 1997 ndipo anthu a tsidya la kum'mawa anayamba kudalira mabwato pofuna kufika ku Bangula.

FUNSO: Ndinaphunzitsa Humpty Dumpty zaka zambiri ngati dzira. Tsopano mdzukulu wanga akuti unali mzinga wankhondo. Wolondola ndani? (Mphunzitsi wopuma wa ku Ngabu)

YANKHO: Aphunzitsi, mwalondola ndinu. Koma apa wolemba uno apempha malo ochulukirapo, chifukwa funso ili lakhudza chimene iye amakonda kuposa zonse, zilape.

Tiyambe ndi mzingawo. Mu 1956 David Daube, pulofesa wa zamalamulo ku Oxford, analemba m'magazini ya pa yunivesitepo nkhani zongoseka zofotokoza magwero a nyimbo za ana. Anati Humpty Dumpty chinali chida chogumulira malinga pa nkhondo ya ku Gloucester mu 1643. Iye ankacheza, koma anthu anameza. Patapita zaka nkhaniyo inasamukira ku Colchester, chidacho chinasanduka mzinga umene akuti unagwa pa khoma la tchalitchi mu 1648, ndipo lero ili pa intaneti ngati mbiri yeniyeni. Zolembedwa za nkhondo ziwirizo sizitchula dzina limeneli paliponse.

Chodabwitsa chili m'nyimbo momwemo. Aliyense aiimbe kuyambira poyamba mpaka pothera: mawu oti dzira mulibe. Sanaiwalike ayi, anabisidwa dala, chifukwa chimenechi chinali chilape. Wofunsa ankafotokoza chinthu chimene chikagwa palibe angachibwezeretse, ngakhale asonkhane anthu ochuluka bwanji, ndipo omvera ankayenera kupeza yankho. Nyimboyi inasindikizidwa koyamba mu 1797 m'buku la Samuel Arnold. Nthawi imeneyo munalibe akavalo amene amatchulidwa m'nyimboyi lero. Olephera kukonzawo anali amuna 80 ndi enanso 80. M'buku lina la mu 1810 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 60 ndi enanso 60. Umu ndi mmene chilape chimayendera pakamwa: wonena aliyense amasintha zokongoletsa, fupa lake n'kukhala lomwelo. James Orchard Halliwell, amene anasonkhanitsa nyimbo za ana a ku England kuyambira mu 1842, anaiika m'gulu la zilape, yankho lake pamwamba. Ku Germany, ku Denmark ndi ku France kulinso zilape zofanana nacho, ndipo konseko yankho ndi dzira.

Kwathu kuno dzira lili ndi chilape chake, chija chimakamba za nyumba yopanda khomo. Taonani kusiyana kwa maso. Mngelezi anayang'ana dzira n'kuona kusweka kwake. Mmang'anja analiyang'ana lili lathunthu n'kudabwa kuti mwini wake analowera pati. Wolemba uno, ngakhale palibe wamufunsa, akuti chathuchi n'chakuthwa kuposa chinzake, chifukwa m'mawu ochepa chabe chimamusokeretsa munthu kukafufuza m'mudzi monse pamene yankho lili m'chisa cha nkhuku.

Nanga chilape cha Angelezi chinafa bwanji? Anachipha ndi ojambula. Mu 1871 Lewis Carroll anamulowetsa Humpty Dumpty m'buku lake la Through the Looking-Glass, ndipo John Tenniel anamujambula ngati dzira la maso, pakamwa ndi timiyendo, litakhala pa khoma. Chithunzicho chinatchuka moti kuyambira pamenepo buku lililonse la ana limayamba ndi yankho, funso n'kubwera pambuyo. Zili ngati mayeso amene mapepala ake abedwa: ana amakhoza onse, koma palibe waganiza.

Zilape zathu zinapulumuka tsoka limeneli chifukwa sizinajambulidwe. Zina zinalembedwa, monga m'buku la R. S. Rattray la nthano ndi nyimbo za Chinyanja la mu 1907, ndipo Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe amene anakhala zaka zambiri kuchigwa akufufuza za Mbona wa ku Khulubvi, anasunganso nthano zambiri za kuno. Koma nyumba yeniyeni ya chilape ndi pabwalo usiku, wina akaponya ena n'kumalimbana nacho, wolephera n'kupereka mudzi kapena ng'ombe ya pakamwa kuti auzidwe yankho. Mwambo wolipira umenewu Angelezi analibe, ndipo anataya zambiri.

Alezi a m'sukulu za mkombaphala ayese izi sabata ino: aphimbe chithunzicho ndi dzanja, afotokoze nkhani ya Humpty Dumpty m'Chisena kapena m'Chimang'anja, kenaka afunse ana kuti chinagwacho n'chiyani. Ndipo owerenga amene ali ndi agogo odziwa zilape za ku Chapananga, Tengani kapena Ndamera azilembe n'kutumiza ku tsamba lino, mayankho ake alembe papepala lapadera.