Zitsulo zimene zinagwirapo moyo wa munthu pathanthwe

Adzukulu anga, inu mapiri a Mchinji mumawadziwa ngati kotola nkhuni ndi kozula bowa, koma kwa makolo athu anali linga. Angoni a Mpezeni atakhazikika tsidya ilo kumene lero kuli Chipata, Achewa ambiri a kuno ankati akamva kuti nkhondo yayandikira, ankasiya mudzi ndi nkhokwe zomwe, n'kukabisala m'mapanga. Zimenezi zinatha mu 1898 pamene Angerezi anagonjetsa Mpezeni n'kupha mwana wake Nsingu. Boma lathu lino linkatchedwa Fort Manning chifukwa cha linga la asilikali a nthawi imeneyo.

Agogo anga ankasimba kuti pokwera thanthwe loterera, mwamuna mmodzi wopepuka thupi ankatsogola popanda chomugwira, zala za kumapazi zikufufuza ming'alu. Akafika pamwamba ankamanga chingwe patsinde la mtengo, ndiye amayi obereka ana ndi nkhalamba ankakwera atachigwira. Chingwecho chinali luzi la mombo, losendedwa likadali laliwisi, lonyikidwa m'madzi, lopotedwa katatu. Ofula njuchi nawonso ankatsika nacho kuphedi, muuni uli kumanja, nsadzu ikulira pambali. Luzi louma kwambiri limathetheka, choncho asanalikhulupirire ankalikoka amuna awiri, wina uku wina uku. Mfundo ankamanga munthu mmodzi yekha wodziwika, osati aliyense.

Azungu anabwera ndi kukwera kwina, kongofuna kufika pamwamba. Kwathu kuno anakupeza ku Mulanje, kumene nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002, ndipo khoma la Chambe loyang'ana kumadzulo ndi lalitali pafupifupi mamita 1,700. M'zaka za m'ma 1970 Frank Eastwood ndi anzake ankakwera makoma amenewa, ndipo mu 1979 iye anatulutsa buku lolongosola njira za m'phirimo. M'chiuno mwawo munkalendewera tingowe tachitsulo totchedwa karabina. Kangowe kameneka kali ndi kachitseko kodzitsekera kokha. Wokwera amakhomera chikhomo mumng'alu, n'kukolekapo karabina, chingwe n'kudutsa m'katimo, kuti akaterereka mnzake wapansi amugwire. Ka masiku ano kamapirira kulemera kwa matani awiri, chonsecho kamakwana m'dzanja.

Ngowe zoterezi poyamba ankakolekera mfuti asilikali oyenda pa akavalo, kenako ozimitsa moto anazitenga. Ambiri amatchula Otto Herzog wa ku Munich kuti ndiye anazitchukitsa pakati pa okwera mapiri cha m'ma 1911. Zinali zachitsulo cholemera. Mfalansa Pierre Allain ndiye anayamba kuzipanga za aluminiyamu m'ma 1930, n'kumadindapo dzina lake.

Amene amandikhudza mtima ndi Yvon Chouinard wa ku California. Mu 1957 mnyamata ameneyu anagula chipala chakale cha malasha, n'kudziphunzitsa yekha kusula zikhomo, n'kumazigulitsa kuchokera kumbuyo kwa galimoto yake. Anali wosula ngati osula athu, amene ankasungunula miyala m'ng'anjo ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi, n'kutulutsa makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Lero kumaiko akwawoko kuli anthu osonkhanitsa karabina zakale. Amayang'ana chidindo cha wopanga, kapindidwe ka kachitseko, ngakhale mkwasa umene chingwe chinadya pachitsulopo. Sakweranso nazo, chifukwa chitsulo chokalamba sachidalira, koma amazipukuta n'kulemba chaka chake ndi phiri limene zinakwera. Ine ndimawapatsa ulemu anthu amenewa, pakuti amadziwa kuti kanthu kamene kanagwirapo moyo wa munthu sikofanana ndi msomali wamba.

Zathu zinapita kuti? Luzi linadyedwa ndi chiswe, pamenepo palibe wolakwa. Koma zitsulo za m'ng'anjo zikanakhalapo mpaka lero. Ndaona ndi maso angawa anyamata ogula zitsulo zakutha akuyenda pa njinga m'midzi muno, akuyeza pasikelo khasu losulidwa ndi manja pamodzi ndi zidutswa za mbaula. Khasu lotere limadziwika: ndi lochindikala pakati, lili ndi msana, mapazi a nyundo akuoneka, ndipo msuka wake ndi wautali woti ulowe mumpini.

Nkhwangwa imene ili patsindwi la nyumba yangayi anasiya ndi amalume awo a mayi anga, ndipo ndi yomwe ankasendera mombo akamapita kukafula kuphiri. Mpini ndasinthapo kangapo, chitsulo n'chomwecho. Ndikadzapita, isungidwe ndi mwana wa mlongo wanga monga mwa mwambo wathu, ndipo adzaipake mafuta isanayambe mvula.