Kadyetsedwe ka Nkhuku za Misinkhu Yosiyana Pakhomo

Nkhuku zoweta pakhomo kawirikawiri zimakhala za misinkhu yosiyana: anapiye ongoswedwa kumene, misoti ndi atambala aang'ono, mathadzi oikira, thadzi lofungatira mazira, ndi tambala wamkulu. Zonsezi zimagona khola limodzi ndi kudyera bwalo limodzi, koma matupi ake safuna chakudya chofanana. M'mafamu a malonda vutoli kulibe chifukwa gulu lililonse limakhala la msinkhu umodzi. Pakhomo, mlimi ayenera kupeza njira yoti mwanapiye akule, thadzi liikire, popanda wina kudya gawo la mnzake.

Zofuna za msinkhu uliwonse

Mwanapiye amaswedwa dzira likafungatiridwa masiku 21, ndipo masiku awiri kapena atatu oyamba amadalirabe chakudya cha m'dzira chotsalira m'mimba mwake. Kuyambira apo mpaka masabata asanu ndi atatu amakula mofulumira kwambiri, choncho amafuna chakudya chokhala ndi zomanga thupi zambiri, pafupifupi magawo 18 mpaka 20 pa 100 aliwonse. Chakudya chogula cha msinkhu umenewu ndi chick mash.

Misoti ndi atambala aang'ono amadya growers mash, yomwe zomanga thupi zake zimakhala magawo 15 kapena 16 pa 100. Nkhuku za mazira zachizungu zimayamba kuikira zili ndi masabata 18 mpaka 20, pamene zachikuda zimachedwerapo, nthawi zambiri kufika miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira.

Thadzi loikira limasiyana ndi zinzake zonse pa chinthu chimodzi: kashiamu. Chigoba cha dzira limodzi chimatenga pafupifupi magalamu awiri a kashiamu, n'chifukwa chake layers mash imakhala ndi kashiamu wokwana magawo atatu ndi theka mpaka anayi pa 100. Nkhuku yosaikira imangofuna gawo limodzi pa 100. Kashiamu akaperewera, thadzi limayamba kumuchotsa m'mafupa ake. Mazira amatuluka a chigoba chofewa, ndipo thadzi lina limafooka miyendo.

Vuto la chakudya chimodzi

Alimi ambiri akagula thumba la layers mash amathirira gulu lonse. Kwa anapiye ndi misoti, kashiamu wochuluka chotere amalemetsa impso, amasokoneza kakulidwe ka mafupa, ndipo akadyedwa nthawi yaitali amatha kupha. Kudwalako kumabwera pang'onopang'ono, moti mlimi saganizira n'komwe kuti gwero lake ndi chakudya chimene anagula ndi ndalama zake.

Mbali inayo ndi ya madeya okhaokha. Chimanga ndi madeya zimapatsa mphamvu, koma zomanga thupi zake ndi zochepa, pafupifupi magawo asanu ndi atatu mpaka khumi pa 100, ndipo kashiamu mulibe kwenikweni. Nkhuku yaikulu imapirira chifukwa imakapalasa kutali n'kupeza tizilombo. Mwanapiye sangathe kutero. Amakhuta koma osakula, nthenga zimachedwa kumera, ndipo matenda amamupeza wofooka kale.

Palinso nkhani ya mphamvu. Nkhuku zili ndi maudindo ake: yaikulu imajompha yaing'ono, yaing'ono nayo n'kujompha yochepera apo. Katswiri wa ku Norway, Thorleif Schjelderup-Ebbe, ndiye anafotokoza khalidweli m'zaka za m'ma 1920. Chakudya chikathiridwa malo amodzi, zamphamvu zimayamba kudya, ndipo anapiye amatola zotsala kapena kupondedwa.

Njira yodyetsera gulu lonse

Mfundo yaikulu ndi yakuti chakudya cha onse chikhale chimene sichingavulaze wamng'ono, ndipo zosowa zapadera ziperekedwe pambali. Wogula chakudya asankhe chick mash pamene pali anapiye, kapena growers mash akasinkhuka, n'kupatsa gulu lonse. Mathadzi amaikira bwino pa chakudya chimenechi malinga apeze kashiamu pena.

Kashiamuyo aikidwe m'kambale kakekake, osasakaniza ndi chakudya. Angakhale zigoba za nkhono zosinja, laimu wa ziweto wogulitsidwa m'masitolo a zaulimi, kapena zigoba za mazira zoumitsa pamoto n'kuziphwanya. Kuphwanyako n'kofunika kuti nkhuku zisazolowere kujompha mazira enieni. Thadzi loikira limapita lokha pakambaleko, makamaka madzulo, poti chigoba chimapangika usiku. Tambala ndi anapiye amangolawa n'kusiya.

Anapiye amafunanso podyera pawopawo. Mlimi amaluka kakhola ka nsungwi kapena bango, kokhala ndi mipata yoti mwanapiye alowe koma nkhuku yaikulu ikanike, n'kuikamo chakudya chawo ndi madzi. Thadzi limazungulira kunja likuitana, anawo akudya mkati mosatekeseka. Kakhola komweko kamawateteza kwa mphamba ndi akhwangwala. Kwa zikuluzikulu, ndi bwino kuika zodyera ziwiri kapena zitatu motalikirana, kuti yothamangitsidwa pano ikadye apo.

Chakudya chopanga pakhomo

Mabanja ambiri m'Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia sagula chakudya cha m'matumba. Amadalira madeya, misere ndi zotsala za pakhomo. Kuti zikwanire, pafunika kuonjezera zomanga thupi: soya, fumbi la usipa kapena matemba lotsala m'madengu a ogulitsa nsomba, zotsala pofinya mafuta a mpendadzuwa, ndi tizilombo. Soya ayambe wakazingidwa asanasinjidwe, chifukwa wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa nkhuku kugaya chakudya. Mchere ukhale wochepa kwambiri, poti wochuluka umapha anapiye. Chakudya cha anapiye chisinjidwe bwino kuti athe kumeza.

Chiswe ndi chakudya chabwino cha anapiye ndipo sichilira ndalama. Mlimi amatenga mphika wakale, n'kudzazamo ndowe zouma ndi mapesi oduladula, kuwaza timadzi, kenaka kuuvundikira pansi pafupi ndi chulu madzulo. M'mawa mwake akauvundukula amapeza chiswe chili nyakanyaka, ndipo amakakhuthulira m'kakhola ka anapiye zikuluzikulu zisanatsegulidwe.

Madeya kapena chimanga cha chuku sizoyenera kupatsa nkhuku. Poizoni wa chuku amawononga chiwindi, ndipo anapiye ndiwo amayamba kufa. Nkhuku zotsekeredwa zimafunanso timiyala ndi mchenga wokhakhala, poti zilibe mano ndipo nthutumba imapera chakudya ndi timiyalato.

Madzi ndi nyengo

Nkhuku imamwa madzi olemera pafupifupi kawiri kuposa chakudya chimene yadya, ndipo kukatentha imamwa koposa. Thadzi losowa madzi limaleka kuikira msanga. Chomwera cha anapiye chikhale chosaya, ndipo muikidwe timiyala kuti asamire. Thadzi lofungatira limadzuka kanthawi kochepa patsiku, choncho madzi ndi chakudya zikhale pafupi ndi chisa.

Zimene nkhuku zimadzipezera zimasintha ndi nyengo. M'dzinja tizilombo ndi msipu zimachuluka, koma chimanga chimasowa m'nkhokwe. Pokolola zimakhuta njere. M'chilimwe, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, pansi pamauma ndipo pafunika kuonjezera chakudya. Nkhuku za Mikolongwe, zomwe ndi mtundu wa Black Australorp, n'zazikulu thupi ndipo zimafuna chakudya choonjezera kuposa zachikuda.

Chakudya chabwino sichilowa m'malo mwa katemera wa chitopa, amene gulu lonse liyenera kulandira pa nthawi yake. Koma pamakomo ambiri anapiye amatha m'masabata oyamba chifukwa cha njala, kuzizira ndi zilombo, ndipo ndi msinkhu umenewu umene kadyetsedwe kosamala kamapulumutsa nkhuku zambiri.