Pepala la pa Khoma: Ira Aldridge ndi Dzina la "African Roscius"

M'zaka za m'ma 1800, eni nyumba za zisudzo ku Britain ankasindikiza mapepala olengeza sewero la tsikulo n'kuwamata m'makoma ndi pa zitseko. Kukacha, pepalalo linkasanduka chinyalala. Lero mapepala otere amasungidwa mosamala m'malo monga British Library, ndipo anthu okonda kusonkhanitsa zinthu zakale amawafunafuna. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: sewero likatha, liwu la wosewera limapita ndi mphepo, koma pepala limatsala.

Funso n'lakuti, kodi pepalalo limanena zoona?

Titenge nkhani ya Ira Aldridge, munthu wakuda amene anabadwira ku New York m'chaka cha 1807. Ataona kuti kwawo khungu lake likumutsekera njira, anawolokera ku England akadali mnyamata. Pa 10 Epulo 1833 anasewera ngati Othello ku Covent Garden mumzinda wa London, patangopita masabata awiri chigwereni Edmund Kean pa siteji yomweyo ali mkati mosewera gawo lomwelo. Pepala lolengeza linanena kuti Aldridge ndi mbadwa ya ku Senegal, ndipo linamutcha "African Roscius".

Mawu awiriwa ngofunika kuwasanthula. Roscius anali katswiri wa zisudzo wa ku Roma wakale; dzinali likulonjeza luso. Liwu loti "African" likulonjeza chinthu chachilendo choti anthu adzaonerere. Apa tikuona chinenero cha malonda, osati kaundula wa obadwa. Mwini wakeyo anathandiza kufalitsa nthano yoti ndi mdzukulu wa mafumu a Afulani, pozindikira kuti mwana wa mfumu wa ku Africa akopa khamu kuposa mwana wa mlaliki wa ku New York. Poyamba ankadzitchanso "Keene", dzina lomveka ngati la Kean.

Chimene pepalalo silinena n'chakuti nyuzipepala zina zinamunyoza, mwa zina chifukwa chokhudza Ellen Tree, mzungu amene ankasewera ngati Desdemona. Aldridge anasewera pamenepo masiku awiri okha. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo ya Britain inavomereza lamulo lothetsa ukapolo m'maiko ambiri amene inkalamulira. Ulemu waukulu anakaupeza m'maiko ena a ku Ulaya kuyambira mu 1852, ndipo anamwalirira ku Łódź mu 1867.

Choncho wophunzira amene angakhulupirire pepalali mwachimbulimbuli adzalemba kuti Aldridge anali wa ku Senegal, ndipo adzalakwa. Amene angafunse chifukwa chimene Senegal inalembedwera pamenepo adzaphunzira mtengo umene munthu wakuda ankalipira kuti aime pa siteji ya ku London.