A, E, I, O, U wa ku Domasi

Ndikamva anthu akutama "njira yatsopano" yophunzitsira ana kuwerenga potsata maliwu a malembo, ndimangoseka. Yatsopano kwa yani? Ife a m'chigwa cha Domasi tinakulira momwemo.

Nkhaniyi ndi yakale. M'chaka cha 1884, Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre anatsegula mishoni ya Domasi m'dera la mfumu Malemia, pakati pa Ayao. Amishoni a nthawi imeneyo polemba zilankhulo zathu ankayesetsa kuti liwu lililonse likhale ndi lembo lake. N'chifukwa chake Chichewa ndi Chiyao zimawerengeka momwe zimamvekera, osati ngati Chingerezi chija cholemba china n'kutchula china. Mu 1929 boma linatsegula Jeanes Training Centre konkuno yosulira aphunzitsi, ndipo kuyambira 1982 Malawi Institute of Education yakhala ikukonza masilabasi ndi mabuku a m'sukulu m'chigwa chomwechi.

Ine a, e, i, o, u ndinaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, tikulemba padothi ndi chala. Aphunzitsi akafunsa, "B ndi a?" tonse tinkayankha, "Ba!" Kenako ma, me, mi, mo, mu. Tsiku lina ndinaphatikiza ma ndi yi, basi mayi anga anatulukira padothi paja! Kuyambira pamenepo mawu aliwonse ndinkatha kuwagamula ndekha.

Koma zabwino sitisunga. Mu 1994 sukulu yaulere inakweza chiwerengero cha ana kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi n'kudzaza thothotho. Ndiye mu 2007 silabasi yatsopano inatsamira pa kuloweza mawu athunthu. Mwana wokhala kumbuyo ankangoyimba zonena anzake, bukulo osaliona n'komwe. Kafukufuku wa mu 2010 anapeza kuti ana ambiri a Sitandade 2 sankatha kuwerenga mawu ndi amodzi omwe. Mu 2016 National Reading Programme inabwezeretsa maliwu ndi maphatikizo m'kalasi.

Tsono, awerengi anzanga, taganizani za ana amene anadutsa pakatipo, ena lero ndi makolo osatha kuwerenga kalata ya kuchipatala. Mawu a akulu akoma akagonera. Dzulo mdzukulu wanga anandiwerengera "ga-lu" pang'onopang'ono, chala chili pansi pa lembo, ndipo ndinakumbuka mtengo wa mango uja.