Chingwe cha ku Mpata ndi Thupi la Wonyongedwa

Omvera a ku Karonga amadziŵa bwino dzina la Mlozi, wamalonda a akapolo amene anamanga linga lake ku Mpata, nasautsa Ankhonde kuyambira m'chaka cha 1887. Kuchiyambi kwa Disembala 1895 asilikali a Harry Johnston anagumula lingalo ndi mizinga, namgwira Mlozi atabisala. Mafumu a Chinkhonde ndiwo anamzenga mlandu, Johnston akuyang'anira, ndipo pa 4 Disembala ananyongedwa. Mlandu ndi chilango zinatha tsiku limodzi, popanda apilo.

Chingwe chinakhala chida cha boma la atsamunda, ngakhale mfuti inagwiranso ntchito. Itazilala nkhondo ya John Chilembwe mu 1915, ena mwa omtsatira ananyongedwa, ena anaomberedwa. Ufulu wa 1964 sunadule chingwecho. Mu 1966 Medson Silombela, wa gulu la Henry Chipembere, ananyongedwa m'ndende ya Zomba pamaso pa anthu mazana amene anaitanidwa kudzaonerera. Albert Muwalo Nqumayo, amene anali nduna yamphamvu, anatsata njira yomweyo mu 1977. Munthu wotsiriza kunyongedwa m'Malaŵi anafa mu 1992, pakuti kuyambira pa Bakili Muluzi mu 1994 palibe mtsogoleri amene wasayina chikalata cha imfa. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Khoti Lalikulu linagamula kuti woŵeruza asakakamizidwe kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha. Komabe chilangocho chikadali m'malamulo.

Kuseri kwa chingwe kuli funso lina: boma likatenga moyo wa munthu, kodi thupi lake nalo ndi la boma? Ku Mangalande lamulo la 1752 linkapereka mitembo ya ambanda onyongedwa kwa madokotala kuti aitumbule pophunzira, ndipo ichi chinali mbali ya chilango. Mchitidwewu unatha mu 1832. Pamene luso lochotsa impso kapena chiŵindi mwa munthu ndi kuika mwa wodwala linakhwima, funsoli linabukanso. Dziko la China linaloleza mu 1984 kutenga ziŵalo za akaidi ophedwa, ndipo linalengeza kuti laleka kuyambira pa 1 Januwale 2015, dziko lonse litadzudzula kwa zaka zambiri.

Ena amati chiŵalo cha wopha munthu chikapulumutsa wodwala, ndiye kuti dipo laperekedwa. Koma madokotala ambiri amakana pa zifukwa ziŵiri. Choyamba, munthu amene akudikira chingwe sangavomere mwaufulu, chifukwa chakudya chake, tulo take ndi tsiku lake lomaliza zili m'manja mwa omsunga. Chachiŵiri, ziŵalo zimaonongeka msanga mtima ukaima, motero njira ndi nthaŵi yophera zikhoza kusankhidwa pofuna kukomera chipatala, osati chilungamo.

Amalaŵi anaona okha kuopsa kwa kuika mtengo pa thupi la munthu pamene anthu achialubino anayamba kuphedwa chifukwa cha mafupa awo, mpaka Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango mu 2016. Mlozi anagulitsa anthu amoyo ngati katundu, ndipo chimenecho ndicho chinamfikitsa pa chingwe. Mtundu umene unakana malonda otere pa amoyo uyenera kusamala kuti asabwerere kudzera mwa akufa.